Botolo la Daavi Ablavi

Ku msika wa m'tauni ya Ho aliyense ankawadziwa Daavi Ablavi, mayi wogulitsa makungwa a mankhwala pafupi ndi ogulitsa nsomba zowamba. Anayamba malondawa ali namwali, ndipo mankhwala awo otchuka anali madzi ofiirira, owawa, amene ankamwetsa amayi ongochira kumene kuti atsuke m'mimba. Makungwa omwewo ndiwo anaphunzitsa mwana wawo Senanu mpaka anapeza ntchito mu labotale yoyeza mankhwala azitsamba.

Dzifa, mkazi wa Senanu, atatsala pang'ono kuchira, Daavi anafika ndi botolo.

"Amayi, ndiyambe ndayeza kaye," anatero Senanu.

"Uyeze chiyani? Iwe unamwa zomwezi m'mawere angawa. Unafa?"

Komabe tsiku la kuyezako Daavi anamutsatira ku ntchito, atamanga nsalu yawo ya ku tchalitchi, kuti akamuone akuchita manyazi.

Senanu anawaonetsa tizilombo ta m'madzi amchere, tating'ono ngati nsabwe, timene anatithirira mankhwalawo dzulo lake. Tinali kusambirabe.

"Ndiye kuti si poizoni kwenikweni," anatero Senanu.

"Ha! Mpaka nsabwe zikundichitira umboni."

Kenaka Senanu anatenga kabotolo momwe munali magazi ake omwe, amene anaundana ngati chiwindi. Anadonthezeramo mankhwala aja n'kuika pofunda. Daavi anadikira pa benchi, manja atapinda, osayankha moni wa aliyense. Senanu atatulutsa kabotoloko, magazi oundana aja anali atasungunuka kuposa theka.

Daavi analulutira mpaka mlonda anasuzumira pa zenera.

"Mwaona inu a madigiri? Amatsuka magazi! Ndakhala ndikunena zaka zonsezi."

"Amayi, vuto ndi lomwelo. Mayi akangochira, magazi amayenera kuundana kuti asiye kutaya. Awa akuwasungunula. Dzifa magazi ake ndi ochepa kale. Sadzamwa."

Nthungululu inathera pakhosi.

"Ukuti ndikufuna kupha mpongozi wanga?"

"Sindinatero."

"Watero! Amayi onse a mu Ho muno ndawapha ine? Nsapato wavalazo zinachoka m'makungwa, galu iwe. Lero wavala chovala choyera ndiye mayi ako asanduka mfiti?"

"Mukalowa nalo m'nyumba mwanga botololo, ndidzalitaya m'ngalande."

Daavi anatola botolo lawo n'kutuluka. Kumsika anauza aliyense kuti anabala mwana wofunsa nzeru kwa nsabwe. Atamva kuti Dzifa wachira mwana wamkazi, anafulula mankhwala atsopano, nawasefa bwinobwino, n'kupita nawo kunyumba kwa mwana wawo. Anapeza Senanu ataima pakhomo.

"Botolo likhale panja, Amayi."

"Choka ndione mdzukulu wanga."

"Inu lowani. Botolo ayi."

Anthu oyandikana nawo anasiya kusinja n'kumaonerera. M'katimo khanda linalira. Daavi anatsegula botolo, nathira mankhwala onse pa nsapato za Senanu, pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza. Kenaka anamukankha ndi phewa n'kulowa.

Dzifa sanamwe, ndipo anadzuka bwino. Daavi amabwerabe Loweruka lililonse kudzasambitsa mdzukulu ndi kuphikira mpongozi wawo nsima ya akple. Senanu akawapatsa moni, iwo amayankha polankhula ndi khandalo: "Uwauze a dokotala kuti tadzuka."