Kudumpha Chingwe ndi Achemwali

Ndili kwa telala pamsika, ndabwera kudzasoketsa diresi yovala paukwati wa mwana wanga. Akundiyeza m'chiuno koma tepi yake siyikukumana. Azimayi amene akudikira pabenchi akuyang'ana pansi, wina akutsokomola dala.

"Mayi, nsaluyi siyikwana," akutero telalayo, koma mawu ake ndi a nesi amene amandiletsa mchere ndi shuga kuchipatala.

Kenaka tepi ija yatalika, yasanduka chingwe, ndipo tili pabwalo la sukulu kwathu kumudzi. Mbali imodzi yamangidwa pamtengo wa bwemba, inayo agwira achemwali anga, omwe anamwalira ndi matenda a shuga. Ali ndi miyendo yonse iwiri. Ngakhale uja anawadula ulipo, awupaka mafuta mpaka ukuwala.

"Lowa, iwe!"

"Achemwali, ndinanenepa ine. Anthu andiseka."

"Anthu ake ati? Lowa!"

Ndikulowa. Thupi ndi lomweli, mimba ndi mikono zikugwedezeka, koma mawondo sakupweteka. Fumbi likununkhira mvula yoyamba. Ndikudumpha, ndikuseka mokweza ngati kamtsikana.

"Munachira kodi?" ndikuwafunsa.

"Usayime," akutero. "Ukayima ndipita."

Ndikulimbikira, koma mpweya ukundithera, mtima ukugunda m'makutu. Ndikuwapempha kuti azungulitse pang'onopang'ono, iwo akungomwetulira. Chingwe chandikola kuphazi.

Ndadzuka kunja kutayera, mapazi atatupa ngati masiku onse. Ndakhala nthawi yaitali pamphepete pa bedi, ndikulakalaka achemwali akanazungulitsa kamodzinso.