Impso za Wozinga Mbuzi

Bambo anga ankazinga mbuzi pamsika wa paboma, ndipo moyo wawo wonse sanaphonyepo kusala ngakhale tsiku limodzi m'mwezi wa Ramazani. Chaka china, matipate atangoyamba kumene, msana unawagwira, mkodzo n'kumatuluka ndi magazi. Adokotala anati ndi likodzo lakalekale, ndipo anawachenjeza kuti impso zikapezeka zitafota, za kusala aiwale, azimwa madzi tsiku lonse. Mwezi unali utatsala sabata ziwiri kuti uoneke.

Ine mwana wawo wamkazi, ndinali nditangoyamba uphunzitsi ku Kanyenda, ndinawaperekeza kuchipatala komwe kunali makina ounikira m'mimba. Njira yonse ankangonena za mbuzi za ku Nkhunga, kuti n'zowonda. Za impso zawo, ayi ndithu.

Anavula mkanjo, n'kugona chammbali. Adokotala anawapaka mafuta ozizira m'nthiti n'kuyamba kuyendetsapo kachipangizo. Pagalasi ine ndinkangoona utsi wokhawokha. Bambo anadzutsa mutu.

"Imani pomwepo, adokotala. Ndi imeneyo."

"Mwaidziwa bwanji, bambo?"

"Ndazigwira zambiri. Kani yamunthu ili ngati yambuzi, yosalala? Ndinkayesa ili ngati yang'ombe, yazigawozigawo."

Ndinachita manyazi, ndikuwakodola kuti akhale chete. Iwo anati, "Iwe, masiku ano munthu amafunsa. Tinavotera chiyani?"

Adokotala anaseka, n'kuika timadontho tiwiri kumapeto kwa impsoyo. Asanawerenge, bambo anatambasula chikhatho, n'kuloza kuyambira pamfundo ya dzanja mpaka pomwe zala zimayambira.

"Ikufika apa. Ikaperewera pamenepa, ndiye yafota."

Adokotala anatulutsa rula m'thumba, n'kuyeza chikhathocho, n'kuyang'ananso pagalasi. Kenaka anati masentimita khumi ndi pang'ono, kuchikhatho ndi kumakina komwe, ndiwo msinkhu wa impso ya munthu wamkulu wabwinobwino. Ya mbali inayo inali chimodzimodzi. Magazi ankachokera m'chikhodzodzo, ndipo mankhwala ake analipo. Kusala anawalola, bola azimwa madzi ambiri kukada ndi m'mamawa.

Ndinanyada, sindibisa. Ine wa masatifiketi ndinaona utsi, munthu wosadziwa kulemba dzina lake n'kuwerenga makina a azungu. Adokotala mpaka anaitana anamwino awiri kuti adzaone, bambo n'kuwaphunzitsa kuti impso yabwino imakhala ndi mafuta pakati, khungu lake losakwinyika. Anamwinowo ankangogwedeza mitu ngati ana a sukulu.

Titatuluka, bambo anaima pansi pa mtengo wa mango kuti amange mabatani a mkanjo. Analephera. Ndinawamangira ndine, batani limodzilimodzi, iwo akuyang'ana kumbali.

"Alhamdulillah," anatero motsitsa mawu. "Ndakhala masiku asanu osagona, mwana wanga. Amayi ako usakawauze."