Keke ndi Kalongonda

Amayi sadziwa tsiku lomwe anabadwa. Amangoti inali nyengo yodulira tiyi, ndiye mchemwali wanga wa ku Blantyre anawasankhira Loweruka lina la mu Julaye, n'kugula keke ku Limbe. Koma tonse tinkadziwa kuti phwandolo silinali la amayi. Mchemwali wangayo ankafuna kudzationetsa bwenzi lake, mnyamata wa tayi yemwe anamunamiza kuti kwathu n'kwa anthu ofatsa.

Analetseratu zinthu ziwiri: kalongonda ndi pakamwa pa amalume. Ankaopa kuti mnyamatayo akangodziwa kuti ndife Alomwe odya nyemba zoledzeretsa, aliyatsa liwiro osacheuka. Mphika wa kalongonda tinaubisa kukhitchini, koma pakamwa pa amalume panalibe chivundikiro.

Keke itangodulidwa, amalume anayambapo.

"Akamwini, mukuidziwa mbumba mukufunayi? Agogo athu anachoka ku Mozambique wapansi atasenza chitseko pamutu. Ankati nyumba umamanga paliponse, koma chitseko chabwino n'chosowa. Atafika pa esiteti ya tiyi anapatsidwa nyumba ya kumalayini yokhala ndi chitseko kale. Ndiye chawocho ankagonapo, mpaka chinadzakhala bokosi lawo la maliro."

"Amalume, idyani keke," anatero mchemwali wanga.

"Ndilibe mano a shuga. Ndiyetu agogowo, aliyense wodzafunsira mwana wawo ankamupatsa kalongonda wosapsa bwino. Akadzandira, ankamupirikitsa. Bambo anga anadzandira, koma anagwera m'nyumba, basi anangowasiya."

Tinaseka mpaka misozi. Mchemwali wanga ananyamuka n'kupita kuseri kwa khitchini, ndipo kunena zoona ndinamumvera chisoni. Mnyamata uja sanaseke. Ankangoyang'ana keke yake ngati wapezamo ntchentche.

Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Amayi, fungoli ndikulimva chifikireni. Kodi mphikawo mwaubisa kuti?"

Anaulula kuti analeredwa ndi agogo ake ku Luchenza, ogulitsa kalongonda pamsika, ngakhale kuti iye anali atamuuza mchemwali wanga kuti ndi wobadwira m'tauni. Chaka chathunthu awiriwa ankadya tchipisi ku Blantyre, aliyense akubisa mphika wa kwawo.

Amayi anabweretsa mphikawo okha, tayi inavulidwa, keke tinasiyira ana. Atatero, amayi anapita kuseri kuja, ndipo ndinawamva akunena motsitsa mawu.

"Pukuta misozi, mwanawe. Ubwere udzaone munthu wa m'tauni akunyambita zala."