Chilimwe Chomwe Achemwali Anaphunzira Kukhala Pampando

Fungo la simenti yonyowa limandibwezera ku Old Town, m'chilimwe chomwe likulu la dziko linkasamukira ku Lilongwe. Bambo ankamanga nawo maofesi ku City Centre, ndipo madzulo ankafika ali mbuu, ndi nsidze zomwe. Malole a katundu wa anthu a m'boma ankadutsa tsiku lonse, fumbi lofiira n'kumatera pa zovala zomwe amayi ayanika.

M'chilimwe chomwecho achemwali anga, a Esinati, anabwera kutchuthi n'kunena kuti kukoleji sabwererako. Pamtundu pathu ponse anali oyamba kufika kumeneko. Mabuku sanawavute ayi. Tsiku lina atapita kukafunsa funso kuofesi ya mphunzitsi, anagwada pakhomo monga tinaleredwera, maso pansi, mawu osamveka. Anzawo anawaseka, ndipo kuyambira pamenepo sanatsegulenso pakamwa m'kalasi. Bambo anangoti ntchito m'masitolo ilipo.

Amene anakana ndi Mayi Gondwe, a kumpoto, omwe ankagula tomato kwa amayi kumsika. Ankagwira ntchito m'boma, ndipo nawonso anali oyamba kwawo kupita kukoleji. Atamva nkhaniyi anauza amayi kuti, "Mundibweretsere mwanayo Loweruka. Ine ndinalira teremu yonse, koma sindinathawe."

Tinkayenda wapansi mpaka kwa Mayi Gondwe ku Area 9, ine ndikuperekeza. M'nyumba mwawo munkanunkhira penti ndi polishi. Buku sanatsegulepo n'kamodzi komwe. Mayi Gondwe ankakhala patebulo ngati mphunzitsi, achemwali n'kutuluka, kugogoda, kulowa. Bondo likangoyamba kupinda, ankati, "Bwerera, ukagogodenso." Kenako kukhala pampando, kuwayang'ana m'maso, n'kufunsa funso mpaka mawu amveke kukhitchini. Achemwali ankatuluka thukuta, mwinanso misozi, koma Loweruka lotsatira ndi iwo ankayamba kuvala nsapato. Ine zinkandinyansa. Ndinkaona munthu wamkulu akuphunzitsa mwana wa eni mwano.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha, achemwali anagwada n'kupatsa bambo madzi osamba m'manja. Kenako anadzuka, n'kukoka mpando, n'kukhala moyang'anana nawo. Ine ndinachita mantha.

"Bambo, ndikubwerera kusukulu. Za m'sitolo ayi."

Bambo anawayang'ana, manja akudontha madzi. Kenako anati, "Sutikesi yako ija inathyoka chogwirira. Bwera nayo ndikonze."

Tsiku limenelo ndinkadikira kuti achemwali alandira mbama, ndipo itapanda kubwera ndinaganiza kuti bambo angotopa ndi ntchito. Ndinazindikira nditakula kuti nawonso ankafuna mwana wawo abwerere, koma sankadziwa chomuuza za malo omwe iwo sanapondeko. Lero ndimaphunzitsa pakoleji, ndipo chaka chilichonse pamabwera mwana woima pakhomo pa ofesi yanga, bondo likuyamba kupinda. Ndimadziwiratu kuti kwawo ndi woyamba. Sindimuuza kuti kugwada n'kulakwa. Ndimamukokera mpando, ndipo sachoka asanafunse chomwe wabwerera.