Lole ya boma inangodumpha msewu

Chaka chimene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Katowo, aliyense wokumana nane pamsika ankandifunsa funso limodzimodzi: "Asambizgi, muwerenge pauli?" Chitumbuka ndinali nditachimva kale, ndipo ndinkadziwa kuti kuwera kwa iwo ndi kubwerera kwanu. Ankafunsa kuti ine mphunzitsi wawo ndipita liti kwathu ku Dedza. Koma ndinkachitira dala ngati ndamva Chichewa changa, n'kuyankha kuti, "Kubwera? Ndinabwera kalekale, inu musanamere mano." Iwo ankaseka, ine ndinkapsa mtima.

Mawu amenewa anandipusitsapo ndili wachilendo. Boma linanditumiza kuno matipate atangoyamba, pulayimale itakhala yaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo. Ndinafika ndili wamasiye, ndi ana awiri. Tsiku lina titaweruka, ana a kalasi langa anafuula kuti, "Tikuwera!" Ndinasangalala kuti ana a kuno amakonda sukulu, akukangomwa madzi n'kubweranso. Ndinawadikira choko chili m'manja mpaka m'kalasi munalowa mbuzi.

Wa m'boma akapuma pa ntchito, boma limatumiza lole kuti ikamutule kwawo ndi katundu wake. Nyumba ya sukulu amaisiyira mnzake wodzalowa m'malo. Ndinaona aphunzitsi anzanga ambiri akukwera lole imeneyi, mipando itamangidwa ndi zingwe, nkhuku zikulira pamwamba, ngati mmene timachotsera mapesi m'munda tikatha kukolola. Palibe ankawafunsa ngati akufuna. Wapuma, basi, kwanu.

Ine ndinali ndi maganizo ena. Mnzanga wina wogulitsa nyemba pamsika anandipemphera malo kwa abale a amuna ake, kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi sukulu. Ndinaumbitsa njerwa pang'onopang'ono, n'kumanga kanyumba ka zipinda ziwiri ndi khonde lalikulu. Khondelo ndinalikulitsa dala. Mnzangayu ndi azimayi ena ankabwera kwa ine madzulo kudzaphunzira kuwerenga, ena a imvi kuposa zanga, ndipo tinali titangofika pamene munthu amayamba kuwerenga yekha zolembedwa pa botolo la mankhwala. Ndiwasiye pamenepo kuti ndikakhale pamkeka ku Dedza, n'kumathamangitsa nkhuku pa mphale ya ena?

Sindinabise kanthu. Achimwene anga aakulu, eni mbumba yathu, ndinawauza pafoni kuti ndamanga ku Katowo ndipo sindichoka. Anaseka n'kunena kuti akufolera nyumba ya malemu amayi kuti ndidzafikiremo. Kwa achimwene, mawu a mlongo wawo ndi mphepo chabe. Lole itatsala pang'ono kubwera anakwera basi, n'kudzafika pa matola, thupi lonse litatuwa ndi fumbi, akuti adzandiperekeze.

Ndinawalola kupakira. Ndinene zoona, ndinkasangalala kuwaona akutuluka thukuta ndi kabati yanga. Anakweza bedi, matumba a chimanga, makina osokera, mpaka mtondo. Anthu anasonkhana kudzatsanzika, ena akupukuta misozi, ngakhale ambiri ankadziwa za kanyumba kanga. Ankaganiza kuti pamapeto pake ndigonja, monga amagonjera aliyense mwini mbumba akalankhula.

Tinakwera kutsogolo, ine pakati. Dalaivala anali bambo wofatsa wa ku boma la Rumphi.

"Mayi, tikafulumira tikagona ku Kasungu," anatero akuliza injini.

"Yendani," ndinatero. "Dumphani msewu. Imani pa nyumba ya malata atsopanoyo."

Anaima, akuganiza kuti pali katundu wina woti tinyamule.

"Tafika. Tsitsani."

Dalaivala anandiyang'ana, n'kuyang'ana achimwene. "Mayi, giya yachiwiri sindinalowetse n'komwe."

"Boma linati mukanditule kwathu. Mwagwira ntchito yanu bwino, bambo. Yewo chomene."

Bamboyo anagwira chiwongolero n'kuseka mpaka kutsokomola. Achimwene sanaseke. Anatsika, n'kundikokera kuseri kwa nyumba kuti anthu asamve, ngakhale mawu awo ankamveka mpaka kumsika.

"Alongo, mwapenga? Mukundichititsa manyazi pamaso pa alendo!"

"Mlendo pano ndinu, achimwene."

"Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwakalamba inu. Miyendo ikadzafooka adzakutungirani madzi ndani? Anthu awa amakukondani chifukwa cha choko. Choko chatha."

Kale ndikanagwada n'kupepesa. Zaka zonsezi ndinali munthu wa pawiri, thupi ku Katowo, mantha ku Dedza. Tchuthi chilichonse ndinkapita kwathu kukamva kuti ndasanduka Mtumbuka, ndikabwerera kuno n'kumva kuti ndine Mchewa wa boma. Nthawi ya zisankho anthu ankasiya kulankhula ndikafika pachitsime, ndipo kwathu ankandifunsa ngati ndavotera wa kumpoto. Ndinkamwetulira konsekonse kuti ndisakhumudwitse munthu. Ukalamba unandichotsa mano awiri, koma unandichotsanso mantha amenewo, ndipo sindidandaula ndi malonda ake.

"Mwamaliza?" ndinawafunsa.

"Sindinamalize. Mukadzafa? Mudzagone kuchilendo ngati munthu wopanda abale?"

Apa ndiye ndinakwiya zenizeni. Mwana wanga wamkulu anakula, ali pa ntchito ku Lilongwe. Koma wamng'ono, wamkazi, anamwalira kuno ndi malungo, mvula ili pakati, msewu utaduka. Galimoto yoti itinyamule panalibe, ndipo wa kwathu sanafike ndi mmodzi yemwe. Ndinalibe choyenera kupempha kwa anthu a kuno, koma anatsegula manda a makolo awo n'kumupatsa malo mwana wa Mchewa. Azimayi anagona nane pansi mpaka misozi inauma. Nkhani imeneyi kwathu sitinkaikamba. Achimwene ankaizemba, ine n'kumawathandiza kuizemba.

"Mukundifunsa za manda, achimwene? Mdzukulu wa amayi anu anamusambitsa ndani? Mvula inatha chaka chomwecho, msewu anakonza. Lero ndi ulendo wanu woyamba kufika kuno, ndipo mwabwerera kabati."

Kutsogolo kwa nyumba azimayi anali atayamba kale kutsitsa katundu, mnzanga wa nyemba akulamula ngati kapitawo. Mnzangayo anasuzumira kuseriko mtondo uli pamutu.

"Asibweni," anatero, kuwalemekeza monga amalume a ana, "musadandaule yayi. Amama awa ngathu. Akatisiya, tiwerenga ndi njani?"

Lole inabwerera yopanda kanthu. Achimwene anakhala pakhonde tsiku lonse osandilankhula, akuonerera azimayi akukolopa ndi kupachika makatani. Chakudya anadya, poti njala siidziwa mkwiyo. Sindinawanyengerere. Ndinawamvera chisoni, inde, chifukwa nawonso ndi munthu wokalamba, ndipo nyumba ya amayi anaifolera ndi manja awo. Koma chisoni sichinandikweze lole.

Mpaka lero ndili pakhonde lomwelo. Maondo amalira ndikamadzuka, magalasi ndasintha kangapo, ndipo madzi amanditungira ndi omwe aja ankati amandikondera choko. Azimayi oyamba aja tsopano amawerenga okha nyimbo kutchalitchi, ndipo anabweretsa anzawo ochokera ku Mwazisi. Ndimawakalipira akalemba chilembo chagada, iwo amandiseka ndikapotoza Chitumbuka. Munthu mmodzi, malo amodzi, ntchito imodzi. Sindinakhalepo wamphumphu chonchi ndili mtsikana.

Koma za achimwene ndisazisiye panjira. Tsiku la lole lija anagona, ndipo m'mawa mwake, chikwama chili kale m'manja, anaima pakhomo n'kulankhula osandiyang'ana.

"Kandionetseni pamene anagona mwanayo."

Kumanda sapita mwachisawawa, choncho tinapempha eni ake, ndipo mkulu wina anatitsogolera. Achimwene anavula chipewa. Anaima nthawi yaitali pa kamtumbira kaja, kenaka anagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Ndinawasiya alire. Atadzuka ndinawagwira dzanja n'kuwalozera pambali pake, pamene panali posakumba.

"Apa eni ake anandisungira ine. Mukadzamva uthenga, achimwene, musadzavutike kufunafuna galimoto yonyamula maliro. Mudzangobwera inuyo, ndipo ulendo uno musadzachedwe."