Chubu cha aSipoko

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndi okonza njinga. Dzina lawo lenileni limamveka kutchalitchi kokha. Kwina konse ndi aSipoko, chifukwa ndi aatali, owonda, ndipo sapindika, ngati sipoko ya gudumu la njinga. Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wogulitsa penti ndi wometa tsitsi. Mukamalowamo muziwerama, poti kudenga kwalendewera matayala akale amene iwo amakana kutaya. Pakhomo pamakhala beseni la madzi akuda bii, lomizamo machubu pofufuza pobooka.

Asanakhale ndi shopu ankagulitsa buledi pa njinga m'midzi ya kuseri kwa nkhalango, ndipo m'menemo ndi mmene anadziwira msewu uliwonse wa m'mitengomo. Pofunsira achemwali anga anali pa njinga yomweyo, phazi limodzi pansi. Mpaka lero achemwali amati bamboyu sanatsike n'komwe, ndipo iwo anavomera pofuna kuti achoke pakhomo. Ana awo anakula n'kupita kutali. Alamu anatsala ndi shopu, miyendo yawo yolimba ija, ndi pakamwa. Pakamwa pa alamu anga mpakuthwa, ndipo ine amene ndimasoka zovala moyang'anana ndi shopu yawo ndakhala ndikupalawa tsiku ndi tsiku.

Loweruka lililonse m'mawa amatseka shopu n'kutsogolera kagulu kathu kokapalasa njinga m'nkhalango. Timakhalapo ine, wometa tsitsi uja, aphunzitsi ena opuma pantchito, ndi anamwino a pachipatala chathu. Malamulo a gululi anaika ndi aSipoko okha, osafunsa munthu. Loyamba, pachitunda munthu satsika. Ukangoponda pansi n'kuyamba kukankha, mawu awo amakupeza: "Kodi mwagula njinga kapena mwagula mbuzi yokoka?" Anamwino anakankhapo tsiku lawo loyamba, ndipo dzina loti Makankha linawamatirira mpaka ku wodi. Lachiwiri, tayala likaphwa mwini wake sakhudza. Gulu lonse limaima, ena n'kumukonzera, kuti aliyense aphunzire kumata. Lamulo ili ankalinyadira kwambiri, ankati ndiyo sukulu yawo.

Chaka chathachi njira zathu zinasintha. Tinasiya msewu wa magalimoto ndi zitunda zake zija. Alamu anayamba kutilowetsa m'timisewu tachete totsata mtsinje, momwe phula linagamphuka kalekale ndipo masamba a paini anayala pansi, tayala limangoti waa osamveka phokoso. Mumatha kupalasa mpaka dzuwa kufika pamutu osakumana ndi galimoto, koma mayi mmodzi wosenza nkhuni ndi agalu ake. Kwina mitengo imakumana pamwamba, kuzizira kumakulowa m'malaya ngakhale kunja kukutentha. Tinawayamikira mpaka kuwatopetsa. Aphunzitsi ankati aSipoko akukalamba bwino, ayamba kukonda mbalame. Iwo ankangoti, "Phokoso ndi la ana." Palibe mmodzi wa ife anazindikira kuti njira zokongola zonsezi zinali ndi chinthu chimodzi chofanana, chakuti munalibe chitunda.

Tsiku limene zinaululika, tinapeza msewu wa kumtsinje utatsekedwa. Odula mitengo anali atagwetsa mapaini mbali zonse, ndipo bambo wina wonyamula kansalu kofiira anatibweza. Njira yotsala inali imodzi, yokwera kunsanja imene alonda amaonerapo moto wa m'nkhalango. Chitunda chimenecho kale alamu ankachikwera akuimba. Wometa tsitsi anakuwa mokondwa kuti lero miyendo idya bwino, ndipo tonse tinatembenuza njinga.

Tisanafike pakati, aSipoko anayamba kutsalira. Ine ndinaganiza kuti akufuna kutiona kumbuyo kuti apeze woti amunyoze. Titakhota pakona, tinamva akuitana.

"Tayala laphwa! Pitirirani, ndikupezani pamwamba!"

Ndani akanapitirira? Lamulo linali lawo lomwe. Tinabwerera tonse, ena akuseka kuti lero sing'anga wadwala. Tinawapeza atakhala pamwala, njinga ili gone, tayala lakumbuyo lili phwa.

"Ndati pitirirani. Ndikonza ndekha, n'kanthu kakang'ono," anatero.

"Ayi, bambo, mwini sakhudza," anayankha anamwino, akupinda manja a juzi. "Munatiphunzitsa ndinu. Lero Makankha akumatirani."

Anatulutsa chubu mwaluso, monga anaphunzitsidwira, n'kuchipopa. Pambali pa msewu panali ngalande ya madzi oyera otsika kuphiri. Anamwino anagwada n'kumiza chubucho pang'onopang'ono, ife titazungulira kudikira thovu. Anazungulira nacho chonse. Thovu silinatuluke. Anabwerezanso, akuchifinya. Wometa tsitsi anati mwina ndi valavu yolowetsera mpweya, napaka malovu pakamwa pa valavuyo. Malovuwo anangokhala, osatupa. Aphunzitsi anapisa dzanja m'tayala kufufuza minga, natulutsa zala zakuda zokha.

Kuseka kunatha kokha. Tonse tinaphunzira pa beseni la bamboyu, ndipo tonse tinadziwa kuti chubu chopanda bowo sichiphwa chokha pakona. Ndinayang'ana alamu anga. Milomo yawo inali itatuwa, thukuta likutsika m'khosi, dzanja limodzi lili m'kati mwa malaya. Anazyolika, maso ali pa nsapato. Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ine manyazi anandigwira ngati ndaphwetsa ndine, moti ndinalakalaka nthaka itang'ambika tilowemo tonse awiri.

Anamwino nawo anawayang'ana, nthawi yaitali ndithu. Kenaka anapukuta chubu pa siketi, nasankha malo osalala bwino, n'kuyamba kupalapo ndi kachitsulo. Anatsegula guluu, natulutsa chigamba.

"Ndapapeza," anatero. "Kabowo kake n'kakang'ono zedi."

Akanakhala munthu wina, bwenzi atalandira chifundo chimenecho n'kukhala chete. Koma aSipoko kuona chigamba chatsopano chikupita pa chubu chabwinobwino, pamaso pawo, m'manja mwa munthu amene anamunyoza chaka ndi chaka, zinawakanika.

"Musawononge chigamba, mayi," anatero ndi mawu otsika amene sindinawamvepo. "Mpweya ndatulutsa ndekha. Chitundachi sindingachithe. Pachifuwa pamandithina."

Kutali makina odulira mitengo ankalira. Anamwino anasiya chubu pansi, nagwira dzanja la alamu pamkono, maso ali pa wotchi. Anawaletsa kupalasa, anawaletsanso ngakhale kukankha. Wometa tsitsi anatsika kukapempha odula mitengo, ndipo lole yawo ina yopita m'tauni inatinyamula ine ndi alamu kutsogolo, njinga zathu atazimangirira pamwamba pa zipika. Loleyo inadutsa pamsewu wathu weniweni. Wogulitsa penti anatuluka kudzaona njinga ya aSipoko itakwera galimoto, ndipo alamu anatsitsa chipewa mpaka pamphuno.

Tikutsitsa njinga pakona ya kunyumba kwawo, alamu anandigwira mkono.

"Alamu, akulu anu asamve. Tinene kuti tayala linaphwa, basi."

"Anamwino ati mawa mukapezeke kuchipatala. Mukanena kuti mukupita kuti?"

"Ndiona pochitira."

Achemwali tinawapeza pabalaza akusita, mulu wa zovala uli pampando, wailesi ikulankhula yokha pawindo. Anatiyang'ana, nayang'ana wotchi ya pakhoma, poti sitinabwerepo msanga chotero.

"Tayala," anatero alamu, asanafunsidwe n'komwe.

"Tayala kukanika inu?" Achemwali anatembenukira kwa ine. "Iwe, chachitika n'chiyani?"

Ine ndimawakonda alamu anga, ndi pakamwa pawo pomwe, koma amene ndinayamwa naye bere limodzi sindimunamiza pa nkhani ya moyo. Ndinati, "Alamu, nenani nokha. Mukapanda kunena, ndinena ine."

Ananena ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, ngati mlendo wodzapempha madzi. Ananena za chitunda, za valavu, za lole. Achemwali anaimika simbi, nazimitsa wailesi.

"Chinayamba liti?"

"Dzinja latha lija."

"Dzinja latha." Achemwali anabwereza pang'onopang'ono. "Ndiye Loweruka lililonse ine ndimakulongedzerani madzi ndi nthochi, n'kumakuuzani kuti mupalase bwino, inu mukudziwa kuti mutha kukagwera m'tchire?"

"Ndinkachita manyazi, mayi. Anthu aja ndinawaseka kwambiri."

Ndinayembekeza kuti achemwali akalipa, chifukwa kukalipa amakutha. Sanakalipe. Anafufuza m'mulu muja, natulutsa malaya oyera a alamu, aja amavala popita kwa anthu aulemu, nawayala patebulo kukonzekera za mawa. Kolala anaisita mobwereza kangapo.

"Munachita manyazi ndi wometa tsitsi," anatero osadzutsa mutu. "Ine amene akanabwera kudzandiuza kuti akutolani pamsewu, simunachite nane manyazi?"

Alamu anakhala pansi pomwepo pakhomo, bambo wamtali uja, n'kubisa nkhope m'chipewa.