Msonkho Suwoloka Madzi

Ndiulule lero, poti manyazi anagwa limodzi ndi mano: ndili ndi zaka khumi ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti msonkho suwoloka madzi. Palibe anandiuza. Ndinkangoona kuti mphekesera ikamveka yoti amesenjala otolera msonkho alowa kwa Mwambo, amuna a m'mudzi mwathu ankathawira m'mabango a Chilwa, n'kubwerako bwinobwino. Ndiye ndinati basi, boma limathera pamatope. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, musandiseke kwambiri.

Ababa anali ndi mwendo wotupa ngati mtondo. Ankalima chokhala pansi, ndipo ndalama ya msonkho wa pakhomo sinkapezeka. Chaka ndi chaka amayi ankawakweza m'bwato, ine n'kuwakankha ndi nsungwi mpaka ku chimbowera, kachisakasa koyandama kamene asodzi amamanga pakati pa mabango. Kumeneko ankakhala masabata, udzudzu ukuwadya, mwendo ukunyowa, uku mbande za mpunga zikukalamba podikira wowoka. Ntchito yanga inali yowapititsira chinangwa chophika ndi kamchere.

Tsiku lina ndinapeza mesenjala wa kabudula wa khaki atakhala pa bwato lathu, akuvula nsapato.

“Iwe mwana, bambo ako ali kuti?”

Mwana wanzeru akanati anapita ku Mozambiki. Ine ndinatukula chifuwa. “Ali pamadzi. Kumeneko inu simungawachite kanthu.”

“Eti? Tiye ukandionetse.”

Ndinamukankha ndekha, ndikuimba ndi mluzu womwe. Ndinkafuna ndidzaone nkhope yake mphamvu zikamuthera pakati pa nyanja.

Sizinamuthere. Ababa atationa sanakalipe. Anayang'ana mesenjala uja, anayang'ana mbale ya chinangwa, kenako anati, “Lero wabwera ndi ndiwo zomwe.”

Ulendo wa ku ofesi ya msonkho unatitengera theka la tsiku, ababa akudumphira ndodo, amayi akulira chamumtima kumbuyo. Ine palibe anandilankhula. Ndinkadziwa kuti wosakhoma msonkho amakalowa ndende, ndipo ndinkadziwanso amene wawatsegulira chitseko. Fumbi la tsiku limenelo ndimalimvabe kukhosi.

Kalaliki anali wachikulire, magalasi ake omanga ndi ulusi. Sanayambe ndi buku, anayamba ndi mwendo.

“Unayamba liti?”

“Mwanayu asanabadwe, bwana.”

“Nanga munali kuti nthawi yonseyi? Munthu wotere sakhoma msonkho.”

Analemba kapepala, n'kumenyapo chidindo. “Kasungeni m'chitini, chiswe chingakadye.” Basi. Zinatha madzi a tiyi asanawire.

Ndinkayesa ababa avina ndi mwendo umodzi. Ayi ndithu. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango, kapepala kali pabondo. Kenako anati, “Zaka zonsezi ndakhala ndikunenepetsa udzudzu ulele.” Ine ndinasendera pafupi, ndikudikira zikomo, poti ndine ndinawabweretsera mwayiwo. Anandipotokola khutu mpaka ndinaona nyenyezi masana.

“Ili ndi la kupusa,” anatero. “Mwayi si nzeru.”

Ndinaphunzira pamenepo kuti mmphawi amatopa kawiri: amatopa ndi kusowa, n'kutopanso ndi kubisala. Kutopa kwachiwiriko nthawi zina amadzisenzetsa yekha, chifukwa choopa kufunsa. Mawu amenewa ndawauza anthu ambiri, pamaliro ndi pabawo pomwe, ndipo amagwedeza mitu.

Koma kudziwa n'kwina. Mchimwene wanga atamwalira anandisiyira kanyumba ka golosale pa Songani, malata odontha, wochita lendi wolipira ndi nkhani. Chaka chino kunabwera kalata ya ku khonsolo yokumbutsa za msonkho wa malowo. Ndinaiwerenga mzere woyamba wokha. Ndinaiika kunsi kwa mphasa. Kuyambira pamenepo ndikaona munthu wonyamula faelo, ndimakumbukira mwadzidzidzi kuti ku chilumba cha Chisi kuli abale amene sindinawaone. Mayi wina wamasiye woyandikana ndi kanyumbako anapita kukadandaula, akuti anamumvera, akulipira pang'onopang'ono. Ine ndinati ameneyo ndi mwayi wake. Kunena zoona ndatopa. Tulo sitibwera bwino pamwamba pa kalata.

Sabata yathayi ndinawasimbira adzukulu nkhani ya mesenjala ija. Anaseka mpaka kugubuduka. Mayi a kunyumba sanaseke, ankangopeta mpunga. Usiku umenewo, ndikuyala mphasa, ndinapeza pansi pali mbee.

“Abambo a Esinati,” anatero osatembenuka, “kalata ija ili m'thumba la jekete lanu, ndipo njinga ndapopetsa. Apongozi anali ndi mwana wopusa wowatengera boma mpaka pamadzi. Inu mulibe, poti mwanayo ndinu nomwe. Mawa mudzikankhe nokha.”